Kwa Bwana Wapampando, za Kandege Kamene Kanapeza Mpiru Wanga

Khalani Pansi Resitilanti, yotsekedwa,
Kuseri kwa Siteji ya Maminibasi,
Malaini, Ntcheu.

Kwa Bwana Wapampando,
Komiti Yosankha Kampani ya Makina Anzeru Oyendera Paipi ya Suweji.

Olemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi nditagwada, ngakhale pepala silionetsa maondo. Dzina langa ndine Eliness Tisunge, mayi wophika mpunga, tchipisi ndi tiyi kuseri kwa siteji ya maminibasi kuno ku Malaini, ndipo ntchitoyi ndaigwira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Dzinali silingakukumbutseni kanthu, ndikudziwa. Koma mukatsegula lipoti limene lili patebulo panu, pa tsamba lachinayi, muona kadontho kofiira. Kadonthoko ndine.

Ndinabwera ku ofesi kwanu katatu. Ulendo woyamba anati muli pa msonkhano, wachiwiri anati mwangotuluka kumene, wachitatu anati muli mkati koma mukuganiza. Sindinafune kusokoneza munthu woganizira tauni yonse, choncho ndinabwerera. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ine m'mimba ndamva, koma chitseko changa chili ndi loko wanu, ndiye ndati ndilembe poyera kuti aliyense wodziwa kuwerenga andithandize kukuthokozani.

Ndamva kuti Lachisanu likubwerali komiti yanu isankha kampani imodzi mwa zitatu zimene zinadzaonetsa makina awo kuno, ndipo tsiku lomwelo ivomereza lipoti lija. Pepala limene anthu anu anamata pachitseko panga likuti lipotilo likangovomerezedwa, layisensi yanga yophikira anthu yatha mpaka kalekale. Ndatsala ndi masiku anayi okuthokozerani, ndiye ndati ndiyambe lero.

Choyamba, zikomo pokumbukira kuti tili ndi paipi.

Anthu ambiri kuno ku Ntcheu chimbudzi chawo ndi dzenje, chikadzaza amakumba china, nkhani yatha. Ife a ku Malaini tinalandira ulemu wina. Nyumba zakale makumi awiri ndi zinayi zija, pamodzi ndi chimbudzi cha mumsika, zili ndi paipi imodzi imene imatenga zonyansa kutsika nazo ku maiwe a kudambo. Paipiyo inathyoka zaka zitatu zapitazo, pamene imakhota polambalala mwala waukulu, kumunsi kwa msewu. Amati tsoka silinunkha, koma lathuli, bwana, limanunkha mpaka pasiteji. A kabaza anasiya kale kunena kuti Malaini. Mlendo akafunsa njira amamuuza kuti akwere, akamusiya kwa Kanyimbi.

Malo othyokawo si obisika. Mwezi uno wa Okutobala, pamene dziko lonse lauma gwa ndipo nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa, pamwala paja pamabiriwira ngati m'Januwale. Udzu umafika m'maondo, bonongwe ndi chisoso zimafika m'chiuno, ndipo palibe amene amathyola. Mbuzi za dera lonse zimasonkhana pomwepo m'mawa uliwonse, popanda kalata yoziitana. Tinakulemberani kangapo, ndipo nthawi zonse munkatiyankha kuti nkhaniyo ili m'manja abwino. Ife anthu wamba tinkaganiza kuti chofunika ndi khasu, fosholo ndi chidutswa cha paipi yatsopano. Inu, poti mumaona patali, munati vutolo liyambe lapezedwa mwaukadaulo, ndi makina okhala ndi nzeru zochita kupanga, zimene pawailesi akuti zikuposa zobadwa nazo. Tinachita manyazi ndi maganizo athu a khasu aja.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha ukhondo wa Lachiwiri lija.

Makampani atatuwo anayenera kubwera Lachitatu, masabata atatu apitawa. Kwathu kuno mlendo sapeza pabwalo posasesa, ndipo zimenezo tinaphunzira tisanaphunzire kuwerenga. Ndiye Lachiwiri m'mamawa a Jasper, kapitawo wa komiti yanu, anafika ndi anthu aganyu khumi ndi awiri, zikwakwa, makasu, mawilibala ndi matumba a laimu. Munthu wakhama ngati ameneyu simudzamupezanso, mumusunge. Anayambira pamwala paja, poti ndi pamene pankachititsa manyazi kwambiri. Anatchetcha, napala ndi makasu mpaka mizu, udzuwo nakautaya kudambo. Pamene pankanyowa anathirapo dothi lofiira ndi miyala ya kware, aganyu napondaponda mpaka kulimba. Mwala uja anaupaka laimu, mitengo ya m'mbali mwa msewu anaiveka masokosi oyera mpaka m'maondo, ndipo analamula kuti mbuzi zonse zimangidwe pakhomo kufikira alendo atapita.

Panalinso zivundikiro zachitsulo zisanu ndi chimodzi, zija zotsekera maenje olowera m'paipi. A Jasper anaziyang'ana naona kuti n'zadzimbiri, zina n'zotumphuka, galimoto ya alendo ingagundepo. Zisanu anazikwirira ndi dothi n'kusalaza bwinobwino. Chotsalacho chinali pamene ankamanga tenti, choncho anayalapo mphasa n'kuikapo tebulo lanu.

Ndinawafunsa a Jasper ngati alendowo sakubwera chifukwa cha zomwezo zimene iwo akukwirirazo. Anandifunsa nawonso kuti, mayi, inu mlendo akamabwera kwanu mumasiya thewera la mwana pampando? N'zoona, sindisiya. Pofika madzulo Malaini anali oyera mbee, fungo litatsala la laimu lokha. Ndikuvomera pamaso pa onse owerenga kuti nanenso ndinasesa pakhomo panga kawiri, ndipo ndinathirira mabedi anga a ndiwo mowirikiza, kuti alendo akadutsa aone kuti kuno kumakhala anthu.

Chachitatu, zikomo potionetsa kagalimoto ka kampani yoyamba.

Kanali kakang'ono, kosaposa botolo lalikulu la mafuta ophikira, ka matayala asanu ndi limodzi, nyali ndi kamera kutsogolo. Bambo wa tayi yofiira anafotokoza kuti kamalowa m'paipi n'kumajambula, ndipo kompyuta imazindikira yokha mng'alu uliwonse, ngakhale wochepetsetsa, n'kunena kuti pamenepa padzathyoka chaka chakuti. Tinaomba m'manja. Kenaka bamboyo anapempha kuti amuonetse polowera.

Mukukumbukira, bwana, kuti munatulutsa mapu. Mapuwo ndi okongola, paipi yake ndi yowongoka ngati mzere wobzala ndi chingwe. Vuto lake ndi loti anajambulidwa paipi isanakumbiridwe, ojambulawo asanakumane ndi mwala. Alendo anayenda ndi mapuwo kuyambira teni koloko mpaka dzuwa pamutu, akugogoda pansi ndi zidendene, osapeza chivundikiro n'chimodzi chomwe. A Jasper ankafunafuna nawo, thukuta lili kamukamu. Kunena pamaso pa alendo kuti tinazikwirira dzulo kukanakhala kuvula komiti, ndipo iwo si munthu wotero.

Nthawi yonseyo a Yoramu anali chilili kuseri kwa chingwe chotchingira anthu. Mwina simuwadziwa. Ndi bambo wachikulire amene anali m'gulu loika paipiyo ali mnyamata, ndipo anaisamalira mpaka pamene anawapumitsa ntchito. Chida chawo ndi ndodo yachitsulo. Amaibaya pansi, mbali inayo n'kuika pakhutu, n'kukuuzani ngati madzi akuyenda, atsekeka kapena akuthawira kumbali. Zivundikiro zonse amazidziwa monga ndimadziwira makapu anga, ngakhale kamene kali ndi chibenthu. Anakweza dzanja kawiri. Koma anali atavala ovolosi yawo yakale ya zigamba, ndipo mlonda anali atauzidwa kuti kutsogolo kwa chingwe kukhale anthu ooneka bwino. Kagalimoto kaja kanabwezedwa m'bokosi mwake kosalawa n'komwe ntchito, ndipo komiti inalemba kuti kampaniyo inabwera yosakonzeka. Inu panthawiyo munali pamthunzi, mapazi anu ali pamphasa, pamwamba pa chivundikiro chachisanu ndi chimodzi.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha kampani yachiwiri, ngakhale sinakhalitse.

Iyi inalibe kagalimoto. Inati ingopatsidwa mavidiyo a mkati mwa paipi a zaka zam'mbuyomu, makina ake awaonere n'kupereka yankho. Paipi yathu chiikireni sinajambulidwepo, koma kuuza mlendo kuti tilibe ndi mawu olemera pakamwa. Mlembi wanu anapereka vidiyo yokhayo imene inali mufoni mwake, ya amuna ovina ngoma pokulandirani m'mawa womwewo. Makinawo anaionera yonse mwaulemu, zishango, nthenga ndi fumbi, nayankha kuti sakuonamo paipi. Ine ndinaona kuti mwa onse amene analankhula tsiku limenelo, amenewa ndiwo ananena zoona mosazungulira. Komiti inalemba kuti makinawo sadziwa chikhalidwe chathu.

Chachisanu, ndipo apa ndagwada kwambiri, zikomo chifukwa cha kandege.

Kampani yachitatu inabwera ndi kandege kopanda woyendetsa, kolira ngati njuchi zikamasamuka. Mayi wa magalasi amene ankakaulutsa anafotokoza momveka, m'Chichewa chabwino. Anati m'chilimwe paipi ya suweji ikathyoka pansi, udzu wa pamwamba pake umabiriwira pamene pena ponse pauma. Kandegeko kamajambula dera lonse kuchokera m'mwamba, ndipo makina anaphunzitsidwa ndi zithunzi zikwizikwi kuti azizindikira kubiriwira kotere. Nditamva zimenezo ndinatsala pang'ono kululutira. Ndinati mumtima, tsopano kwabwera makina oganiza ngati mbuzi zathu, tapulumuka.

Asanakaulutse, mayiyo anafunsa funso limodzi, ndipo ndinalimva ndi makutu angawa chifukwa ndinali nditabweretsa tiyi ku tenti. Anafunsa ngati pansi pano pasinthidwa kanthu masiku apitawa. A Jasper anayang'ana inu, inu munayang'ana mitengo ya masokosi ija. Ndiye a Jasper anati ayi mayi, ife timakhala chonchi masiku onse, ukhondo ndi chikhalidwe chathu.

Kandege kanauluka mphindi khumi ndi ziwiri. Kanaona msewu wofiira, mwala woyera, madenga a malata ndi mabwalo osesedwa mpaka kuwala. M'Malaini monse kanapeza malo amodzi okha obiriwira: mabedi asanu a mpiru, chayinizi ndi anyezi kuseri kwa Khalani Pansi Resitilanti. Mabediwo ndimathirira ndi madzi a pamjigo amene ndatsukira mpunga, ndipo m'mawa umenewo ndinali nditawathirira kawiri polemekeza alendo. Pa laputopu panatuluka kadontho kofiira. Inu munaimirira n'kunena kuti zimene zalephereka zaka zitatu zatheka m'mphindi khumi ndi ziwiri. Anthu anaomba m'manja, nanenso ndinaomba, thireyi ili m'khwapa, chifukwa pamene ndinaima sindinkaona kuti kadonthoko kagwa pati.

Mayi wa magalasi uja ananenanso kuti kadontho kamangoloza pofunika kukumba, ndipo munthu asaweruze asanakumbe. Ananena kawiri, koma nthawi imeneyo mabotolo a zakumwa anali atayamba kutsegulidwa. Amene awerenga lipotilo akundiuza kuti mawu amenewo mulibe. Mwina pepala linachepa.

Chachisanu ndi chimodzi, zikomo chifukwa cha changu.

Paipi yadikira zaka zitatu, koma anthu anu anafika ndi loko pakhomo panga m'mawa mwake, madzi a tiyi asanawire. Pepala lawo likuti zonyansa zikutulukira pamalo anga, ndipo ndiwo zimene ndimadyetsa anthu zimamera pa zimenezo. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho mundikhululukire funso ili. Resitilanti yanga ili kumtunda kwa msewu, paipi ili kumunsi. Kuchokera pamwala kufika pamabedi anga ndi mapazi makumi anayi, onse okwera chitunda. A Chrispine, amene amandibweretsera mpunga kuchokera ku Bwanje, amapalasa njinga njira yonseyo, koma akafika pamenepo amatsika n'kukankha. Ngati suweji ya ku Malaini yaphunzira kukwera pamene a Chrispine amatsika, musaikonze, bwana. Muike chikwangwani, anthu azidzaona kuchokera ku Manjawira ndi ku Biriwiri. Chimbudzi changa ndi chadzenje, chili kutali ndi mabedi, ndipo ndi paipi yanuyo sichinaonanepo.

Ndinapempha amene anabweretsa lokoyo kuti akumbe pabedi limodzi, ndinawabwereka ndi khasu lomwe. Anati iwo anatumidwa kudzatseka, za kukumba ndi za komiti ina imene sinapangidwe. Anandiyamikira kuti mpiru wanga ndi wooneka bwino, ndipo mmodzi anafunsa kumene ndimagula mbewu.

Apa mundilole ndiime kaye kuthokoza.

Kutsekedwa kwa chitseko ndikhoza kupirira. Lufina, mayi amene ndaphika naye zaka zisanu ndi zinayi, akugulitsa nzimbe pasiteji kuti ana ake adye. A Chrispine anabwerera ndi thumba lawo, kutsika nalo ku Bwanje pa dzuwa lija. Zimenezo zimandiwawa, koma ndimati zidzatha. Chimene chinandithyola ndi cha Loweruka la sabata yomweyo. Kumpingo kwathu kunali ukwati. Zaka zonsezi ukwati ukakhalapo ine ndiye ndimayang'anira miphika, ndipo ndiwo zamasamba zimachokera m'mabedi anga. Ulendo uno amayi anzanga anandilandira bwino, nandifunsa za ana ndi zidzukulu, kenaka nandipatsa ntchito yondandalika mipando. Mpiru umene ndinabweretsa m'beseni ndinaupeza madzulo kuseri kwa khitchini, uli m'beseni momwemo, utafota. Ndinalira, bwana, ine mayi wa zidzukulu zitatu, ndipo sindikuchita manyazi kulemba. Anthu amene adya za m'manja mwanga zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi tsopano akufunsana kuti kodi ankadya chiyani. Lachisanu mukavomereza lipotilo mudzakhala mwawayankha ndi chidindo.

Musaganize kuti ndikudana ndi makina. Kandege kaja sikananame. Tinakanamiza ndife, tonse, ndi zikwakwa za a Jasper ndi tsache langa lomwe. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo awa anadzadi nako. Koma ife tinali titameta kale mpala mlendo asanafike, kalumoko n'kusowa pogwira, mpaka kucheka khutu la munthu woima pafupi.

Za kusankha kampani sindidziwa, koma kusankha wophika ndimadziwa, ndipo ngati komiti ingalandire nzeru yobadwa nayo ya mayi wa pasiteji, nayi. Ndikamalemba wophika watsopano sindimupatsa mpunga wopeta kale. Ndimamupatsa wa pansi pa thumba, wa timiyala ndi mankhusu, ndione ngati maso ake amaona. Ndimayang'ananso ngati amafunsa akakaikira, komanso ngati nkhope yake imagwa munthu wakale pantchito akamuwongolera. Lufina ndinamuyesa choncho, ndipo palibe amene anathyokapo dzino kwa ine. Inu munaitana anthu atatu odzasankha timiyala, timiyalato mutatibisa pansi pa mphasa. Woyamba anasowa polowera mwati ndi waulesi, wachiwiri ananena kuti sakuona kanthu mwati ndi wamwano, wachitatu analoza njere yabwino ndipo ndiye mukufuna kumupatsa ntchito poti anachita changu. Mwina ndi woyeneradi, ine sindikana. Koma simunamuyese, ndipo anzake awiri aja simunawayesenso.

Tsopano nkhani yabwino. Madzi saiwala khwawa. Masabata atatu akwanira kuti dothi la a Jasper linyowe, ndipo pamwala paja pabiriwiranso. Udzu wabowola kware, bonongwe watukula mutu, mbuzi zabwerera pa msonkhano wawo wa m'mawa. Dzulo a Yoramu anabayapo ndodo yawo, namvetsera, nati paipi ikulira pomwe akhala akunena. Mabedi anga auma okha, poti madzi otsukira mpunga kulibenso ndipo pepala lanu likundiletsa kuwathirira. Kandege kataulukanso lero, kadontho kangagwe pamalo pake, ndipo sikangafune mphindi khumi ndi ziwiri.

Koma ndamva kuti mwambo wosainirana ndi kampani yopambana udzachitikira konkuno Lachisanu, pafupi ndi mwala womwewo, ndipo kandege kadzaulukanso kuti atolankhani ajambule. Dzulo masana lole inatsitsa matumba a laimu pa kasitolo kosungira zida za komiti. M'mawa uno ndadutsa kumeneko ndipo ndamva kulira kwa tupa. A Jasper akunola zikwakwa. Andipatsa moni mwansangala, nandilonjeza kuti Lachinayi pofika masana pamwala sipadzatsala tsamba n'limodzi lomwe, ulendo uno kware adzathira wokhuthala. Ndawafunsa kuti nanga kandege kadzapeza chiyani. Ati zimenezo ndi za akatswiri, iwo yawo ndi yoti alendo asachite nseru. Mayi wa nyumba yachitatu ku Malaini, amene ali ndi kamtengo ka mandimu pakhomo, wayamba kale kukathothola masamba.

Choncho, bwana, nali pempho langa, ndipo ndalichepetsa momwe ndingathere. Sindikupempha paipi yatsopano, ndikudziwa kuti imeneyo imafuna komiti yakeyake. Sindikupempha kuti a Yoramu alowe kutsogolo kwa chingwe, ngakhale Lufina wawachapira kale ovolosi n'kusita. Pempho langa silifuna kugula kanthu kapena kuitanitsa msonkhano. Muli ndi loko mmodzi wabwino, wachikasu, wolimba, ndamuyesa m'mawa uliwonse kwa masabata atatu. Pakadali pano akulondera mbaula yozizira, mabenchi anayi ndi ketulo. Tumizani munthu adzamuchotse pachitseko panga Lachitatu, akamukhome pa kasitolo ka zikwakwa ndi laimu, kiyi muike m'thumba mwanu kufikira kandege katatera Lachisanu. Kwa tsiku limodzi lokha, lolani alendo atipeze mmene timakhalira. Tebulo lanu mulisunthireko pang'ono kuti kagalimoto kaja kalowe nako, ndipo mubwere ndi nsapato zimene simuzikonda kwambiri.

Ine ndikulonjeza kuti sindiyatsa moto kufikira kadontho katagwa. Kakagwanso pamabedi anga, mubweretse lokoyo, ndidzakhoma ndekha ndi manja angawa, kiyi n'kukupatsani nditagwada. Koma kakagwa pamwala, ndidzabzalanso mpiru, ndipo ukadzakula mbale yoyamba ndi yanu, yaulere. Mudzaidyera pakhonde la Khalani Pansi, Lamulungu masana, nthawi imene amayi a kumpingo kwathu amadutsa pamenepo pochokera kutchalitchi. Musadzafulumire, bwana. Mudzatafune pang'onopang'ono kuti onse aone, ndipo mukadzamaliza mudzapemphe wina.

Ndine wanu wodzichepetsa, wogwada mpaka maondo achita dzanzi,

Eliness Tisunge,
Kadontho kofiira ka pa tsamba lachinayi.